Kuba Ndalama za pa Foni: Njira za Akathyali Kum'mwera kwa Niassa

Ndalama za pa foni zidafika m'midzi ya kum'mwera kwa Niassa msanga kuposa mabanki. Pamsewu wa N13, kuchokera ku Cuamba kudutsa Mandimba mpaka ku Massangulo, likulu la boma la Ngauma, msika uliwonse wooneka uli ndi ejenti wake, wina pansi pa ambulera, wina m'kakanyumba kopakidwa utoto wofiira wa M-Pesa kapena wachikasu chofiirira wa e-Mola. Mlimi akagulitsa fodya, soya kapena nandolo amaika ndalama pa foni poopa kuyenda nazo m'thumba. Mphunzitsi amagula magetsi a Credelec ali pakhomo. Mwana amene ali ku Nampula amatumizira amayi ake ya sopo popanda kudikira wapaulendo. Kumene ndalama zidalowera, akuba adalondola komweko, ndipo kuba kwawo kuli ndi khalidwe limodzi lomwe silisintha: kawirikawiri sathyola makina a kampani. Amalankhula ndi mwini ndalama mpaka iye mwini atazitumiza ndi zala zake, kapena ataulula chinsinsi chozitsegulira.

Njira zotumizira ndalamazi si zakale. Ku Mozambique idayamba ndi mKesh, ya kampani ya mCel, mu 2011. M-Pesa, imene Safaricom idayambitsa ku Kenya mu 2007, idabwera ndi Vodacom mu 2013. Movitel, yomwe idalowa m'dzikomo mu 2012 n'kufikitsa netiweki m'midzi imene makampani ena ankailambalala, idatsatira ndi e-Mola patapita zaka zochepa. Tsidya la malire, ku Malawi, Airtel Money idayamba mu 2012 ndipo Mpamba ya TNM mu 2013. Kuyambira mu 2022 munthu wa M-Pesa atha kutumizira wa e-Mola kapena wa mKesh mwachindunji. Kusintha kumeneku kudathandiza kwambiri amalonda, komanso kudapatsa wakuba mpata wodumphitsa ndalama kuchoka ku kampani ina kupita ku ina asanazitape.

Kuti chinyengochi chimveke bwino, pafunika kuona kaye chimene chimatchinjiriza akaunti ya pa foni. Ku banki yakale munthu ankadziwika ndi nkhope, chitupa ndi siginecha. Pa foni zatsala ziwiri zokha: simu khadi ndi nambala yachinsinsi, imene ambiri amangoitchula kuti PIN. Aliyense amene ali ndi ziwirizi, makina amamutenga kuti ndiye mwini akaunti, ndipo safunsa china. China chimene chimathandiza wakuba ndi liwiro. Ndalama zikachoka ku Massangulo zimafika pa nambala ina m'kuphethira kwa diso, ndipo mphindi zochepa zikukwanira kuti wina azitape kwa ejenti wa ku Nampula, ku Beira kapena ku Maputo. Zikasanduka ndalama za m'manja, kampani ilibenso chobweza.

Chinyengo chotere chidayambira pa intaneti, foni zam'manja zisanafale. Cha m'ma 1995 achinyamata ena ku America ankatumizira makasitomala a America Online mauthenga odzitcha kuti ndi ogwira ntchito pakampaniyo, n'kumapempha mawu achinsinsi. Pofika 2003 njirayi idatembenukira ku ndalama, makamaka kwa anthu a PayPal ndi eBay. Munthu ankalandira imelo yokhala ndi chizindikiro cha kampani, yomuuza kuti akaunti yake yatsekedwa kapena kuti wina wagula katundu m'dzina lake, ndipo kuti adine linki msanga kuti akonze zinthu. Linkiyo inkamufikitsa pa tsamba lofanana ndi lenileni, ndipo zonse zimene ankalembapo zinkagwera m'manja mwa akuba. Mu uthenga wotere muli zinthu zitatu zimene zidakalipo mpaka lero: dzina lobwereka la bungwe lodalirika, nkhani yoopseza kapena yokopa, ndi changu. Ku Niassa imelo ndi ya anthu ochepa, monga aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe, ndi ophunzira a pa sukulu ya zaulimi ya Universidade Católica de Moçambique ku Cuamba. Iwowa amalandiradi maimelo abodza m'dzina la mabanki awo. Anthu ambiri chinyengo chomwechi chimawapeza pa SMS, pa kuimbiridwa foni ndi pa WhatsApp, ndipo foni ya mabatani imakwanira.

Uthenga wofala kuposa onse ndi wa mzere umodzi. Mu Chipwitikizi umati "aquele valor manda neste número", ndipo ku Malawi umati "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Nthawi zina umawonjezera dzina limene lidzaoneke potumiza, ndi chifukwa chake: foni yanga yafa, nambala yanga yadzaza. Ambiri amauseka n'kuufufuta, n'kumadabwa kuti angagwe nawo ndani. Wotumizayo sadziwa aliyense mwa olandira. Amachita ngati msodzi wa pa nyanja ya Amaramba, woponya khoka osadziwa nsomba imene ilowemo. Mwa anthu mazanamazana olandira uthengawo tsiku limodzi, sipalephera kupezeka wina amene m'mawa womwewo wagwirizana ndi mlamu wake, mwini nyumba kapena woyendetsa galimoto ya katundu kuti atumiza ndalama masana. Kwa iyeyo mawu akuti "ndalama ija" ali ndi tanthauzo, ndipo nkhani yonse amaimaliza yekha m'mutu mwake. N'chifukwa chake mauthengawa amapha kwambiri nthawi imene ndalama zikuyenda: kumapeto kwa mwezi, nyengo yogulitsa mbewu, sukulu zikamatsegulidwa, ndi pamaliro, pamene abale akusonkherana mitima ili m'mwamba.

Njira yachiwiri ndi ya ndalama zotumizidwa molakwika, ndipo imafuna kuiyang'anitsitsa. Mayi wogulitsa matemba pamsika wa Mandimba, tinene choncho, amva foni ikulira. Uthenga ukuti walandira 2,500 meticais, ndipo ukuoneka ngati weniweni: uli ndi zilembo ndi manambala otsimikizira kumayambiriro, dzina la wotumiza, tsiku ndi nthawi. Asanaumalize kuwerenga foni ikuitana. Mawu a bambo wodandaula akuti alakwitsa nambala imodzi, ndalamazo zinali za mwana amene ali m'chipatala, chonde abwezereni, atengepo 200 ya kuthokoza. Mayiyo, pokhala munthu woopa Mulungu, abweza 2,300. Pambuyo pake apeza kuti zachoka ndi zake zomwe, chifukwa palibe ndalama imene idalowa. Uthenga uja udalembedwa ndi manja n'kutumizidwa kuchokera pa nambala wamba yoyamba ndi 84, 85, 86 kapena 87. Uthenga weniweni umabwera m'dzina la kampani, n'kukhala pamzere umodzi ndi mauthenga ena akale a kampaniyo, ndipo umatchula ndalama zotsala zimene zikugwirizana ndi zomwe zinalimo. Wabodza umakhala pawokha, ndipo sudziwa zimene zinali mu akaunti. Koma pafoni yaing'ono, padzuwa, makasitomala akudikira, ndi ochepa amayang'ana pamwamba pa uthenga. Wakubayo amaimba msanga ndi cholinga chomwecho, kuti munthu asapeze mpata wofunsa yekha ndalama zake pa *150# kapena pa *898#. Chinyengo chomwechi amachitiranso ogulitsa: wogula aonetsa uthenga kapena chithunzi chosonyeza kuti walipira, anyamula thumba la simenti, n'kupita.

Yachitatu ndiyo yowononga kwambiri, chifukwa imasesa zonse. Woimba amadzitchula kuti ndi wa ku likulu la kampani kapena wa ku banki. Amalankhula Chipwitikizi chosalala, mwaulemu, ndipo nthawi zambiri amadziwa dzina lonse la amene akumuimbira. Zimenezi zimatsitsa munthu mtima pansi, ngakhale kuti dzina si chinsinsi: aliyense amene ayamba kutumiza ndalama pa nambala inayake amaona dzina la mwini wake asanatsimikize. Nkhani yake imakhala yakuti akaunti itsekedwa lero chifukwa sinalembetsedwe bwino, kapena kuti wina akufuna kutapamo ndalama ndipo kampani ikufuna kuziteteza. Ena amapempha PIN poyera. Ochenjera saipempha, pozindikira kuti anthu adachenjezedwa kale. Amangoti: "Musandiuze nambala yanu yachinsinsi, bambo, imeneyo ndi yanu. Ingotsatani zimene ndikuuzeni." Kenaka amamuwerengera manambala oti adine, limodzi limodzi: nyenyezi, manambala atatu, chizindikiro chomalizira, kenaka 1, kenaka nambala yaitali imene akuti ndi ya chitetezo, kenaka ina imene akuti ndi kodi, pomaliza PIN. Nambala yachitetezoyo ndi foni ya wakuba, ndipo kodiyo ndi kuchuluka kwa ndalama. Munthu watumiza yekha, ndipo m'mabuku a kampani zikuoneka kuti zonse zidayenda mwadongosolo.

Apa pali vuto la kuderali limene mauthenga ochenjeza ochokera ku Maputo saliganizira mokwanira. Zolembedwa pa foni potumiza ndalama zili m'Chipwitikizi, pamene chilankhulo cha pakhomo ku Ngauma ndi Chiyao, ku Cuamba Chimakua, ndipo m'malire ambiri amalankhulanso Chinyanja. Anthu ochuluka adaphunzira kugwiritsa ntchito ndalama za pa foni poloweza ndondomeko ya manambala, osati powerenga mawu. Munthu wotere akauzidwa kuti adine 1 kenaka 2, sakuona kuti foni ikumufunsa ngati akuvomera kutumiza. Chenjezo limene makina amaika pamalo omaliza, loti atsimikize dzina ndi kuchuluka kwa ndalama, limamudutsa ngati palibe.

Njira zina n'zokopa, ndipo sizifuna kufotokoza kwambiri. Munthu auzidwa kuti wapambana njinga yamoto pa mpikisano umene sadalowe, koma alipire kaye msonkho. Auzidwa kuti dzina lake latuluka pa thandizo la INAS, bungwe la boma lothandiza osauka, kapena la bungwe logawa feteleza, koma atumize ya kalembera. Wachinyamata amene wamaliza kalasi ya 12 alonjezedwa malo a ntchito ya uphunzitsi, ya unamwino kapena ya upolisi. Pa WhatsApp pamayenda malinki olonjeza mamega aulere kapena ndalama za boma, ofuna kuti munthu alembe nambala yake ndi PIN, kenaka atumizire anzake khumi. Palinso mauthenga a asing'anga ochulukitsa ndalama. Zonsezi zimagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti munthu apereke kaye kuti alandire, ndipo akapereka koyamba pamatuluka chifukwa china choti aperekenso, mpaka atatopa kapena zitamuthera.

Chinyengo chokhudza abale a kunja chimafuna mawu owonjezera, chifukwa mabanja ambiri a mbali zonse ziwiri za malire ali ndi ana ku Joni. Akaunti ya WhatsApp imatsegulidwa ndi kodi ya manambala asanu ndi limodzi imene imabwera pa SMS. Wakuba amayesa kutsegula WhatsApp ya munthu wina pa foni yake, kodi ipita kwa mwini nambala, ndiye amulembera kuti kodiyo yabwera kwa iye molakwika, amutumizire. Akangoilandira, akauntiyo yasamuka pamodzi ndi chithunzi ndi magulu onse a mwini wake: la banja, la mpingo kapena mzikiti, la anthu a mudzi umodzi okhala ku Johannesburg. Kuchokera pamenepo amalembera abale ngati mwana wawo. Akuti wamangidwa chifukwa cha mapepala, kapena katundu amene watumiza wagwidwa pa Beitbridge ndipo woyendetsa galimoto akufuna ya kasitomu lero lomwe. Amakana kuimbiridwa, ati foni yawonongeka polankhulira. Makolo amene akhala miyezi akudikira malata ndi njinga sachedwa kugulitsa mbuzi.

Pali njira imodzi imene mwini ndalama salankhula n'komwe ndi wakuba: kusinthitsa simu khadi. Wakuba amapita kwa kampani ya foni ndi chitupa chabodza, kapena amagwirizana ndi wogwira ntchito wosakhulupirika, n'kunena kuti simu yake yatayika. Nambala isamutsidwira pa simu yatsopano, ndipo foni ya mwini wake ingoti zii, netiweki osaoneka. Kumudzi, kumene netiweki imasowa kawirikawiri, munthu atha kukhala tsiku lonse akuganiza kuti vuto ndi la nsanja. Nthawi yonseyo makodi a banki akupita kwa wakuba. Mozambique idavutika kwambiri ndi njira imeneyi, ndipo yankho limene idapeza lidadziwika kunja. Mabanki ndi makampani a foni adakhazikitsa njira yoti banki, isanalole ndalama kutuluka, izifunsa kampani ya foni ngati nambalayo yasinthidwa simu masiku ochepa apitawo, ndipo ngati ndi choncho iziimitsa kutumizako. Akatswiri a kampani ya Kaspersky adalemba za njirayi mu 2019 monga chitsanzo choti mayiko ena atengerepo. Phunziro lake n'lakuti kuba kwina kumatsekedwa ndi makampani okha, ndipo si chilungamo kukankhira mlandu wonse kwa wobedwa.

Pakati pa munthu ndi ndalama zake pamakhalanso manja a anthu ena. Agogo amene saona bwino amapereka foni kwa mdzukulu kapena kwa ejenti, n'kutchula PIN mokweza anthu ali pamzere. Ena amailemba pa kapepala n'kukaika kuseri kwa batire. Ambiri amasankha chaka chobadwa, chomwe chalembedwa pa chitupa cha unzika, BI, kapena 1234. Maejenti ambiri ndi anthu okhulupirika, ndipo geni yawo yagona pa mbiri yabwino, koma chizolowezi chopereka foni ndi PIN pamodzi chimaphunzitsa anthu kuti nambala yachinsinsi ndi chinthu chouza aliyense wooneka ngati wa kampani. Maejenti nawonso ndi nyama ya akathyali, chifukwa foni yawo imasunga ndalama zambiri. Amaimbiridwa ndi odzitcha oyang'anira awo, kapena amabweretseredwa kasitomala wopempha kubwereka foni kuti alembe yekha nambala, amene m'kanthawi komweko amasunga nambala ya mnzake m'dzina la kampani kuti uthenga wabodza udzaoneke ngati weniweni.

Boma lidayesa kutseka mpata ndi kalembera wa simu. Ku Mozambique lamulo la 2015 lidakakamiza kuti nambala iliyonse ikhale ndi mwini wodziwika, ndipo la 2023 lidawonjezera kuti kalemberayo azitenganso zizindikiro za thupi monga nkhope ndi zala, pansi pa INCM, bungwe loyang'anira makampani a foni. Ku Malawi bungwe la MACRA lidachititsa kalembera wotere mu 2018, pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika. Kalembera adathandiza, koma sadathetse vuto, chifukwa akuba salembetsa m'maina awo. Amagula simu zolembetsedwa kale pamsika, kapena amagwiritsa ntchito zitupa za anthu akumudzi amene adazipereka kwa wogulitsa simu osadziwa kuti walembetserapo nambala zina zitatu. Dzina limene limaoneka potumiza ndalama nthawi zambiri ndi la munthu wosalakwa, kapena la wina amene adabwereketsa chitupa chake posinthana ndi ndalama ya mayunitsi.

Malire amawonjezera zovuta zake. Pakati pa Mandimba ndi Chiponde anthu amawoloka tsiku lililonse, pa kabaza ndi pa njinga zamoto, kukagula, kukagulitsa, kukaona abale ku Namwera ndi ku Mangochi. Kum'mwera njanji ya ku Nacala imalowa m'Malawi pa Entre Lagos ndi Nayuchi. Wamalonda wa m'derali amakhala ndi simu ziwiri, ya +258 ndi ya +265, ndipo amasunga meticais mbali ina, makwacha mbali ina. Motero amalandira mauthenga achinyengo a mayiko onse awiri, a Chipwitikizi ndi a Chichewa. Ku Malawi apolisi adanenapo kangapo kuti mauthenga ndi mafoni ambiri otere amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba, kumene akaidi amalowetsa mafoni mozemba n'kumagwira ntchito ndi anzawo akunja otapa ndalama. MACRA idalengezapo kuti anthu ankaberedwa ndalama zokwana pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'njirazi. Ku Kenya ndende ya Kamiti idatchuka ndi zomwezi. Woimbayo ali ndi nthawi yochuluka kuposa aliyense amene akumuimbira, ndipo nkhani yake waiyeserera kambirimbiri.

Kusintha ndalama kumabweretsa mpata wina. Osintha ndalama a m'malire tsopano amagwiranso ntchito pa foni: munthu atumiza meticais pa M-Pesa, mnzake amutumizira makwacha pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Malonda amenewa agona pa kudziwana, ndipo alibe lisiti limene ofesi iliyonse ingalilandire. Wina akadzitcha wosintha ndalama pa WhatsApp, n'kulonjeza mtengo wabwino kuposa wa pamsika, wotumiza koyamba ndiye amagwiritsidwa fuwa lamoto. Ndipo akabedwa pa simu ya ku Malawi, apolisi a ku Massangulo alibe mphamvu pa kampani ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ayenera kukadandaula tsidya linalo, kumene mwina adawoloka popanda chidindo.

Anthu amakonda kunena kuti obedwa motere ndi osaphunzira kapena adyera. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amathandiza akuba. Aphunzitsi, akuluakulu a mipingo ndi ogwira ntchito m'maofesi amabedwanso, ndipo iwo amataya zambiri chifukwa foni yawo ndi yolumikizidwa ku akaunti ya malipiro. Zimene wakuba amagwiritsa ntchito ndi makhalidwe amene anthu amayamikiridwa nawo: kulemekeza mawu a munthu wa udindo, kuchita manyazi kudula foni wina akulankhula, kufulumira kuthandiza wodwala, kusafuna kusunga ndalama za mwini. Kwa munthu woleredwa bwino, kufunsa mkulu wa kampani kuti atsimikize ngati alidi iyeyo kumamveka ngati mwano. Akabedwa, manyazi omwewo amamutseka pakamwa. Bambo amene wataya ndalama za fodya wa chaka chonse amaopa kuuza ngakhale mkazi wake, ndipo nambala imene yamubera imapitiriza kuimbira ena m'mudzi womwewo.

Njira zodzitetezera ndi zochepa, ndipo mphamvu yake ili pa kuzitsata nthawi zonse, ngakhale pamene nkhani ikumveka yoona. PIN ndi kodi iliyonse yobwera pa SMS siziuzidwa kwa munthu, kaya ndi ejenti, wa kampani, wa banki kapena wapolisi. Palibe kampani imene imazifuna kuti igwire ntchito yake. Munthu sadina manambala amene wina akumuwerengera pa foni. Uthenga wonena kuti ndalama zalowa sukhulupiriridwa mpaka mwini foni atafunsa yekha ndalama zotsala, ndipo ngati wina watumizadi molakwika, wobweza ndi kampani, osati wolandira. Pempho la ndalama lochokera kwa mbale limatsimikizidwa pomuimbira pa nambala yake yakale n'kumva mawu ake, kapena pomufunsa chinthu chimene mlendo sangachidziwe. Linki ya mu imelo kapena pa WhatsApp si khomo lolowera ku banki: wofuna kuona akaunti yake amatsegula yekha pulogalamu ya bankiyo kapena kupita ku nthambi. WhatsApp ili ndi malo oikapo PIN yachiwiri, yomwe imalepheretsa kusamutsa akaunti ngakhale kodi itabedwa. Foni ikataya netiweki pamene za anzake a kampani yomweyo zikugwira, nkhaniyo ndi ya tsiku lomwelo, yosadikira mawa. Kwa okalamba ndi osadziwa kuwerenga, chothandiza ndi kukhala ndi munthu mmodzi wodalirika wowathandiza, ndi lamulo la pakhomo loti ndalama sizituluka foni ili kukhutu.

Kuba kukachitika, mphindi zoyamba ndizo zofunika. Wobedwa aimbire kampani yake pa nambala yothandizira makasitomala, imene imalembedwa pa chikwangwani cha ejenti, n'kupempha kuti akaunti yolandirayo iimitsidwe. Ngati ndalama sizinatapidwe, mpata wozipeza ulipo. Asinthe PIN, ndipo ngati foni ndi yolumikizidwa ku banki adziwitsenso bankiyo. Mauthenga onse asungidwe, wabodza ndi weniweni womwe, chifukwa nambala yotsimikizira imene ili mu uthenga weniweni ndiyo imalondolera kumene ndalama zapita ndi ejenti amene wazitulutsa. Kenaka nkhani ipite ku polisi ya PRM, imene imaipereka kwa ofufuza a SERNIC. Malamulo alipo: la 2017 lokhudza malonda ndi mauthenga a pa makina, ndi buku la milandu la 2019, lomwe limalanga chinyengo chochitidwa pa makompyuta ndi pa mafoni. Mu 2022 ofesi ya Procuradoria-Geral da República, mogwirizana ndi INCM, Banco de Moçambique, mabanki ndi makampani a foni, idatsegula njira ya pa intaneti yolandirira madandaulo otere. Ku Malawi lamulo lofanana nalo ndi la 2016, ndipo madandaulo amapita ku polisi, ku kampani ndi ku MACRA. Ndalama zobwerera ndi zochepa poyerekeza ndi zobedwa, koma dandaulo limathandiza kuti nambalayo itsekedwe.

Wobedwa achenjere ndi foni yachiwiri. Patapita tsiku limodzi kapena awiri, wina amaimba kuti ndi wapolisi kapena wa kampani, wakubayo wagwidwa, ndalama zapezeka, koma pakufunika ya mafuta a galimoto kapena ya kutsegulira fayilo. Ndi gulu lomwelo, ndipo likudziwa kale kuchuluka kwa zimene zidabedwa, n'chifukwa chake nkhani yawo imamveka yoona.

Kufufuza kukayamba, woyamba kupezeka si woimba foni uja, koma mwini dzina limene nambala yolandira idalembetsedwa. Wachinyamata amene adavomera kuti ndalama za mlendo zidutse pa akaunti yake kuti apatsidwe 100 meticais, kapena mayi amene adabwereketsa BI yake kwa wogulitsa simu, ndiye amaitanidwa kukayankha, ndipo kunena kuti sankadziwa sikumuchotsa msanga m'manja mwa apolisi. Aliyense ali ndi ufulu wopita ku ofesi ya kampani ya foni ndi chitupa chake, kukafunsa nambala zimene zidalembetsedwa m'dzina lake, n'kutseketsa zimene sakuzidziwa.